Nsalu Yosamwa Madzi

Mumsika wonse wa m'chigwa cha Dza munalibe munthu woopa kuzizira ngati Mayi Lhadron, ogulitsa nsalu pakhomo lachitatu kuchokera pamlatho. Masamba akangoyamba kuyoyoka, iwo ankavala malaya awiri a ubweya, juzi, chijasi cha chikopa cha nkhosa, ndipo pamwamba pa zonsezi ankafunda bulangete lomanga ndi chingwe m'chiuno. Amalonda anzawo ankati ukafuna kudziwa mwezi usavutike ndi kalendala, ungowerenga zovala za Mayi Lhadron.

“Lero zilipo zingati, amayi?” ankatero wogulitsa mchere akamadutsa.

“Zisanu. Ukafuna kubwereka chimodzi, ubwere chilimwe!”

Ntchito ya nsalu anaitengera kwa malemu bambo awo, amene anawasiyira lumo lalikulu, ndodo yoyezera, ndi malamulo awiri: usabe chala pa muyezo, ndipo usapereke kwa munthu nsalu yonyowa, chifukwa yonyowa imabisa chilema. Bambowo anabala ana aakazi awiri okha, ndipo ankakonda kunena kuti moto wonse wa pabanjapo unapita kwa wamng'ono. Sanali kunama. Mng'ono wawoyo, Kunzang, ankasewera m'chipale chofewa wopanda nsapato, ndipo atakula anameta mutu n'kukalowa m'nyumba ya masisitere ya m'phiri, ulendo wa maola atatu kuchokera pamsika.

Kumeneko masisitere amaphunzira kuyatsa moto wa m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito mpweya ndi kusinkhasinkha. Mwezi womaliza wa chaka ukakhala wathunthu, amene aloledwa amakhala pabwalo usiku wonse atavala kansalu kopyapyala. M'bandakucha aliyense amaviika nsalu yoyera ya thonje mu mphika waukulu wa madzi, n'kuifunda, n'kuzungulira nyumba yopemphereramo mpaka nsaluyo itauma ndi kutentha kwa thupi lake. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, nsalu zimenezi zinkadulidwa ndi Mayi Lhadron. Nsalu makumi anayi, iliyonse mamita awiri ndi theka: mamita zana, osaposa, osachepa.

Chaka chimenecho chinali chapadera. Atadikira zaka khumi ndi chimodzi, Kunzang, amene tsopano ankatchedwa Ani monga masisitere onse, analoledwa kukhala nawo pabwalo koyamba. Mayi Lhadron anauza aliyense, ngakhale amene anangobwera kudzagula ulusi.

Fakitale imene ankagulako inali itatsekedwa, choncho anaitanitsa mpukutu kwa wamalonda wina wa mumzinda. Unafika woyera kuti mbee, wonyezimira, wolira ukaugwira. Anadula, anapinda, anasanja. Kutatsala masiku awiri, akumwa tiyi wa batala, mkono wa chijasi unagunda kapu. Tiyi anagwera pa nsalu yapamwamba, n'kuunjikana timadontho tobulungira ngati mikanda, timene tinagubuduka mpaka pansi. Pa nsalu sipanatsale ngakhale banga.

Wina akanasangalala. Iwo mtima unangoti phwii.

“Bambo a Dechen! Tabwerani kuno msanga!”

Amuna awo, a Wangdrak, analowa akutafuna tchizi chouma. “Kwagwanji? Mwaona mphepo ikulowa pazenera?”

“Musaseke. Taonani.” Anathira madzi pa nsalu ina. Madzi anathawa. “Ndi sitachi. Aipaka sitachi wambiri kuti ioneke yolemera. Nsalu iyi simwa madzi.”

“Ndiye si bwino? Iuma msanga, alamu anga apambana onse.”

“Inu mutu wanu uli ngati wa yaki yathu ya m'khola ija! Mkulu wa masisitere, Ani Tsultrim, amafinya nsalu iliyonse ndi manja awo asanaipereke. Ikapanda kutulutsa madzi, usiku wonse suwerengedwa. Ndipo anthu anena chiyani? Ati chaka chomwe mng'ono wake waloledwa, Lhadron wabweretsa nsalu yachinyengo kuti amuthandize. Zaka khumi ndi chimodzi za mwana uja zithera m'kamwa mwa anthu.”

A Wangdrak anameza tchizi chija osachitafuna bwino.

Mankhwala a sitachi ndi amodzi: kuwiritsa. Anabwereka mphika wophikira phala la ng'ombe, anasonkha moto wa ndowe zouma, n'kuyamba kuphika nsalu zinayi zinayi, akuvundula ndi mtengo. Madzi ankasanduka oyera ngati mkaka. Pofika pakati pa usiku maulendo khumi anakwana, ndipo nsalu zonse anaziyanika pa mpanda wa khola. Mayi Lhadron anagona mtima uli m'malo.

M'mawa anatuluka kukaanula. Anagwira nsalu yoyamba, ndipo inalira kuti gwa! ngati chitseko. Zonse makumi anayi zinali zitaundana gwaa ndi chisanu, zowongoka, zoti ukhoza kufolera nyumba. Galu wawo anaziuwa.

“Tatsegula malonda a matabwa,” anatero a Wangdrak.

Mayi Lhadron analowetsa ziwiri m'nyumba, n'kuziimika pafupi ndi mbaula. Zinasungunuka, zinadontha, zinauma patapita maola awiri. Apo anawerengera mwachangu monga mwa chizolowezi chawo: ziwiri pa maola awiri, makumi anayi pa maola makumi anayi. Maola otsala kuti anyamuke anali makumi awiri ndi asanu ndi limodzi.

“Onjezerani ndowe, bambo a Dechen.”

“Zimenezi n'za mwezi wamawa, mayi.”

“Mwezi wamawa tidzaotha inuyo. Onjezerani!”

Tsiku lonse ndi usiku wake nyumba inali ngati ng'anjo. Kwa nthawi yoyamba chikwatirane, a Wangdrak anaona akazi awo akuvula bulangete, kenako chijasi, kenako juzi m'nyengo yachisanu. Anaitana wogulitsa mchere uja kuti adzachitire umboni, koma akazi awo anamuthamangitsa ndi chipande. Cha m'mamawa tulo tinawaba onse awiri, ndipo nsalu imodzi inapsa pangodya, n'kusiya chilemba chofiirira chachikulu ngati chikhatho. Pamene tambala ankalira, zouma zinali makumi awiri ndi ziwiri. Zotsalazo zinali chiimire pa mpanda.

“Tizitenga momwemo,” anatero a Wangdrak, ndipo ulendo uno Mayi Lhadron analibe mphamvu zokanira.

Anakwera phiri ndi yaki ziwiri, ng'ombe zaubweya za m'mapiri. Yoyamba inasenza mtolo wa nsalu zopindidwa bwino. Yachiwiri inasenza matabwa oyera khumi ndi asanu ndi atatu, omangidwa uku ndi uku, moti inkaoneka ngati mbalame yolephera kuuluka. Aliyense wokumana nawo ankafunsa ngati masisitere akumanga chimbudzi chatsopano. Mayi Lhadron anabisa nkhope m'bulangete.

Pachipata anawalandira Ani Tsultrim, mkulu wa masisitere, gogo wamfupi wa mano atatu. Mayi Lhadron anawerama, misozi ili pafupi, n'kufotokoza zonse: sitachi, mphika, mpanda, mbaula.

“Pepani kwambiri, Ani. Bambo anga sanaperekepo nsalu yonyowa. Ndayesetsa, koma khumi ndi zisanu ndi zitatu zandikanika kuumitsa.”

Gogoyo anayang'ana yaki, anayang'ana mayiyo, n'kugogoda thabwa limodzi ndi ndodo yake.

“Mwana wanga, wati watentha ndowe za mwezi wathunthu?”

“Ndi theka, Ani,” anatero a Wangdrak.

“Kuumitsa nsalu zoti ife tikaziviike m'madzi?”

Ani Tsultrim anaseka mpaka anakhala pansi pa mwala, akupukuta maso ndi mkanjo. Masisitere ena anathamangira kudzaona, nkhani inayenda, ndipo phiri lonse linadzaza ndi chikhakhali. Mayi Lhadron anatembenukira kwa amuna awo.

“Inuyo munadziwa?”

“Ndinaganizako dzulo masana. Koma munali mutavula chijasi, ndinafuna ndione kuti mufika pati.”

“Ntchito youmitsa ndi yathu,” anatero gogoyo atapeza mpweya. “Ukufuna kutilanda? Lowetsani zitseko zanuzo kukhitchini zikafewe.”

Usiku umenewo mwezi unawala ngati mbale yasiliva. Masisitere makumi anayi anakhala pabwalo m'mizere, miyendo yopingasa, misana yowongoka, mapewa ali pamtunda. Pankangomveka mpweya wawo, wokoka pang'onopang'ono, wosungidwa pansi pa mchombo, wotuluka ngati utsi. Anthu a m'midzi anaunjikana m'mbali mwa khoma. Pakati pawo panali mulu wa zovala zisanu ndi ziwiri umene unkanjenjemera, ndipo m'kati mwa muluwo munali Mayi Lhadron, maso ali pa msana wachitatu mu mzere womaliza.

Kum'mawa kutayamba kuyera, masisitere anaswa madzi oundana pamwamba pa mphika n'kuponyamo nsalu. Ani Tsultrim anatulutsa yoyamba, anaipotokola ndi timanja tawo touma. Madzi anachucha kuti chuu, mpaka kunyowetsa mapazi a gogoyo. Yachiwiri chimodzimodzi. Mayi Lhadron anawerenga ndi zala m'kati mwa bulangete mpaka makumi anayi, ndipo panalibe imodzi yokana madzi. Ya chilemba chofiirira ija inagwera Kunzang.

N'chifukwa chake zinali zosavuta kumutsatira ndi maso pamene mzere unayamba kuzungulira nyumba yopemphereramo. Ulendo woyamba nsalu inamatirira pamsana pake. Ulendo wachiwiri nthunzi inayamba kufuka pamapewa ngati pa mphika wa tiyi. Dzuwa likugunda nsonga ya phiri, ngodya yopsa ija inali kuuluzika ndi mphepo, yopepuka, youma.

Mwambo utatha, Kunzang anabwera molunjika kwa mulu wa zovala uja, ali chosavala nsapato.

“Achemwali, muli m'katimo?”

“Ndi-ndili bwino,” anayankha mano akugundana. “Iwe sukuzizidwa?”

“Tapatseni manja.” Anafukula manja a mkulu wake m'mabulangete. “Mayo! Ngati miyala ya mumtsinje!” Anawaika m'khwapa mwake n'kuwapana. Munali motentha ngati buledi wongophula kumene.

“Ndamva kuti iyi munandiyambira kale kuiumitsa,” anatero akuloza chilemba chija ndi chibwano. “Mwapitirira nayo pang'ono.”

“Usandiyambe, iwe. Ukhale chomwecho, zala zayamba kumva.”

Mpaka lero, mpukutu uliwonse ukafika pakhomo lachitatu kuchokera pamlatho, Mayi Lhadron amayamba authira supuni ya tiyi asanaukhudze ndi lumo. Ndipo mwezi wotsatira uja, ndowe zitatha, anakagona masabata atatu kukhitchini ya masisitere, bedi lawo litagundizana ndi la Kunzang.