Mkodzo wa Madamu

Chaka chimene mwana wanga wamkazi anadwala, ndinkagwira ntchito ya m'nyumba kwa mkulu wina wa kufakitale. Mwanayo pokodza ankalira ngati akumucheka ndi lezala, thupi lili moto. Kukiliniki anamupatsa makapusozi ofiira, kenako mapiritsi oyera, kenako ofiira omwe aja. Nesi sanandibisire. Anati, "Amai, ise tingoyesa chabe. Kuti tiziwe mankhwala yamene yangaphe kachirombo aka, mkozo ufunika kupimiwa ku Lusaka."

Sabata lomwelo madamu anga, akazi a mkuluyo, anamva kuwotcha pang'ono pokodza. Iwo sanayambe ndi kuyesa mapiritsi. Anaimba foni, n'kundipatsa kabotolo ka mkodzo wawo kuti ndikasiye kulabu yopimira matenda ya eni ndalama. Ndinagwada n'kupempha kuti nditengeko ndi mkodzo wa mwana wanga.

"Iwe, kuja si kwa aliyense," anatero, maso ali pafoni. "Uzimupasa manzi yambiri."

Munthu amene ndinamuchapira zovala zamkati zaka zonse zija. Mtima unandiwawa, ndipo ndinadana nawo tsiku limenelo.

Ndinadzera kwathu ku Nangongwe. Mkodzo wa madamu ndinaukhuthulira m'ngalande, kabotolo ndinakatsuka ndi madzi owira, mwana wanga n'kukodzeramo. Ndinakwera minibasi kabotolo kali pachifuwa, dzina la madamu lili pomwepo.

Patapita masiku atatu anandituma kukatenga pepala la zotsatira. Ndinayamba ndalionetsa kwa nesi uja. Anawerenga dzina, anandiyang'ana, sanafunse kanthu.

"Ndiye chifukwa chake," anatero. "Kachirombo aka kanajaira mankhwala yonse yamene tinamupasa. Afunika nyeleti."

Anamuyamba jakisoni tsiku lomwelo, ndipo tsiku lachinayi mwana wanga anadzuka yekha n'kupempha phala.

Pepala lija ndinalipereka kwa eni dzina madzulo a tsiku lomwe ndinakalitenga. Dokotala wawo ataliona anachita mantha, n'kuwalembera jakisoni yemweyo, m'mawa ndi madzulo, sabata lathunthu. Matako anatupa, kukhala pansi kunali nkhondo. Abusa athu amati tizikhululuka, ine ndimangoyankha ameni ndi pakamwa. Mpaka lero sindinalape, ndipo sindikuganiza zolapa.

Madamu ankandiitana kuti ndiwaikire pilo pampando, akubuula. Ankati, "Iwe uli na mtima wabwino." Ine pamapilo onse a m'nyumbamo ndinkawasankhira wouma kwambiri.