Cheya cha Mwana Wanga Woyamba

Ndinakwatiwa ndi mphunzitsi zaka zoyambirira za chitaganya. Anabwera kudzagwira ntchito pasukulu ya mpingo ya m'mudzi mwathu, kufupi ndi pamene mtsinje wa Likangala umathera m'mabango a nyanja ya Chilwa, ndipo monga mwa mwambo anamanga nyumba pakhomo pa amayi anga. Anali munthu woonda, wofatsa, wotsogolera nyimbo m'tchalitchi, koma kufolera sankakudziwa ngakhale pang'ono. Mvula yoyamba itangogwa denga lathu linadontha paliponse, madzi n'kulowa m'bokosi la mabuku awo.

Nthawiyo ndinali ndi pakati, mimba itayamba kuonekera. Kutacha, iwo atapita kusukulu, ndinatulutsa mabukuwo n'kuwayanika pamphasa. Mphepo ya kunyanja inkatembenuza masamba, ndipo buku lina la Chingerezi linatseguka pa chithunzi. Chingerezi sindinkachidziwa, koma maso ndinali nawo. Panali chinthu chitanyonyomala pakhomo pa phanga, mwala uli m'manja, thupi lonse ubweya, chipumi chotsika. Nyani si nyani, munthu si munthu.

Ndinaseka mpaka misozi. Chinthucho chinakhala ndendende mmene atsibweni anga ankakhalira akamasoka ukonde, nsidze zake zomwezo. Amayi atamva phokoso anabwera ndi lichero m'manja.

"Amayi, taonani! Azungu awajambula achimwene anu!"

Amayi sanaseke. Anavundikira chithunzicho ndi lichero, nkhope itagwa.

"Iwe, wapenga? Uli ndi pakati ukuseka chilombo?"

Kwathu mayi woyembekezera sankayang'anitsitsa chinthu chopunduka, ndipo kuchiseka ndiye kunali kuchiitana kuti chidzabadwe mwa iye. Makolo athu anabwera nacho chikhulupiriro chimenechi kuchokera kutsidya, kwa Apwitikizi, ndipo madzi a ubatizo sanachitsuke. Ine ndinkachidziwa, koma chinthu chikakhala choseketsa kodi munthu amayamba wapempha chilolezo?

Atsibweni aja anali mwini mbumba, analinso mkulu wa mpingo. Nkhani inawapeza dzuwa lisanapendeke, pamodzi ndi ya nsidze zija. Madzulo anaitana amuna anga pansi pa mtengo wa mango, buku lili patsogolo pawo, ife akazi titakhala chapatali.

"Aphunzitsi, ichi n'chiyani?" anafunsa atsibweni.

"Akuti anthu akale kwambiri ankaoneka chonchi, bambo. Ophunzira anafukula mafupa awo pansi."

"Ndiye kuti ifeyo ndife ana a anyani, eti?"

"Iyayi, bambo. Akuti ife ndi anyani ndife apachibale chakutali."

"Akuti, akuti. Ine ndikufunsa inuyo. Mumakhulupirira zimenezi?"

Mumtima ndinkakuwa kuti kanani, bamboinu, kanani basi tikadye. Koma amuna anga anali ndi matenda oyankha funso lililonse ngati ali m'kalasi.

"Ndimakhulupirira kuti Mulungu anatiumba ndi dothi. Koma woumba mbiya samaliza tsiku lomwe wakumba dothilo. Mwina anatiumba pang'onopang'ono. Iye sathamangitsana ndi dzuwa ngati ife."

"Malembo alibe mwina," anatero atsibweni. "Ndiponso mkamwini asamakule mwendo." Kenaka analoza mimba yanga ndi ndodo. "Chabwino. Mlanduwu sitiweruza ife. Mboni ili m'menemo. Tidikire tione chimene chituluke."

Sabata lotsatira akuluakulu a mpingo anaimitsa amuna anga kutsogolera nyimbo ndi kudya mgonero mpaka mwana atabadwa. Kuyambira tsiku limenelo mimba yanga inasiya kukhala yanga. Inasanduka ya mudzi wonse.

Ndikapita kudooko kukagula matemba, azimayi ankandipatsa moni maso ali pamimba. Ndikafika pachitsime nkhani zinkaduka. Ana asukulu ankatsatira aphunzitsi awo chakumbuyo akuyenda chowerama, manja akukhudza pansi, ndipo iwo akacheuka anawo ankaongoka ngati sanachite kanthu. Anzanga ankandinyoza mosekerera kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ndinkawabwezera, pakuti pakamwa panga sipanali pobwereka, koma ndikafika kunyumba mantha ankandigwira.

Ndinauza amuna anga kuti atenthe bukulo pamaso pa atsibweni, nkhani ithe. Anakana.

"Kutentha buku sikubwezera mafupa aja pansi," anatero. "Ndipo usaope. Chimene maso aona sichilowa m'mimba. Palibe njira yochokera kumaso kukafika kwa mwana."

"Munalowamo inu kuti muone kuti njirayo kulibe?"

"Madokotala anafufuza."

"Madokotalawo ndi amene adzabereke? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Inu mukukangana ndi atsibweni za munthu woyamba amene palibe anamuona, koma woti adzagone pamphasapo ndine."

Anandiyang'ana mwachisoni, osapsa mtima, ndipo zimenezo zinkandipsetsa mtima kwambiri. M'mawa uliwonse ankagwada n'kupempherera mwanayo. Ine ndinkangoyang'ana msana wawo, osadziwa ngati pemphero la munthu woimitsidwa mgonero limadutsa denga. Amayi nawonso, ngakhale ankaimba kutsogolo pa misonkhano ya amayi a mpingo, anandimanga kachingwe ka mankhwala m'chiuno n'kundiuza kuti ndisauze mkamwini. Ndinavomera. Ndinkafuna chitetezo cha aliyense amene akanandipatsa.

Chaka chimenecho chimanga chitayamba kukhwima, anyani anatsika m'mapiri kufika m'minda ya kufupi ndi nyumba. Ankatsika chaka chilichonse, koma ulendo uno anthu anati ndi malodza. Panali chinyani chimodzi chachimuna, chokalamba, chimene chinkakonda kukhala pachulu cha m'mbali mwa njira ya kuchitsime. Tsiku lina ndikudutsa chinandiyang'ana osaphethira, mayi wina kumbuyo kwanga n'kunong'ona kuti chabwera kudzazonda wachibale. Ndinatula mtsuko, ndinatola mwala n'kuchigenda. Mwala unagwera pafupi, koma sichinathawe. Chinangodzikanda pachifuwa ndi zala zazitali zokhala ndi zikhadabo ngati zathu. Zalazo ndi zimene zinandiopsa. Kuyambira pamenepo mwana akagunda m'mimba ndinkagwirapo, n'kumadzifunsa kuti chandigundachi ndi phazi kapena chiyani.

Mvula sinaleke. Nyanja inakwera n'kumiza minda ya kumunsi, chilumba cha Chisi n'kumaoneka ngati chatalikira. Likangala anasefukira, njira ya kuchipatala cha mishoni inaduka. Udzudzu unachuluka koopsa, ndipo malungo anandigwira. Ndinanjenjemera masiku angapo, mutu ukuwawa, kenaka tsiku lina masana ndinamva msana ukung'ambika. Nthawi yanga inali isanakwane.

Anandigoneka m'nyumba ya amayi. Munali amayiwo ndi mzamba wa m'mudzi mwathu, gogo wa manja olimba amene anandilandira inenso pobadwa. Amuna ankadikira kutali. Mwana akabadwa bwino kwathu, nthungululu ndi imene inkawauza. Ndinamva kakulira kakang'ono, kofooka ngati ka mwana wa mphaka, ndipo ndinatchera khutu kudikira nthungululu ija. M'nyumba munali zii.

"Ndipatseni," ndinatero.

Mzamba anayang'ana amayi. Amayi anayang'ana khoma.

"Ndati ndipatseni mwana wanga!"

Anali wamkazi, wamng'ono woti n'kukwana m'manja awiri. Pamapewa, kumsana, pachipumi mpaka m'mphepete mwa makutu anali ndi cheya chakuda, chofewa, chogona. Ndinawerenga zala za kumanja ndi za kumapazi, zonse zinalipo. Kamwa linali la bambo ake. Koma cheyacho chinaliponso, ndipo mtima wanga unazizira. Ndinaopa mwana wanga yemwe, kenaka anasuntha kamutu kufunafuna bere, manthawo n'kusanduka ukali.

Patapita zaka anamwino anandiuza kuti ana obadwa masiku asanakwane amakhala ndi cheya chotere, ndipo chimathothoka chokha. Mzamba uja ayenera kuti anali atachionapo kambirimbiri. Koma ulendo umenewo maso ake anali atadikira chinthu china kwa miyezi yambiri, ndipo anachiona.

Mwamuna sankalowa m'chikuta, m'nyumba ya mwana wobadwa kumene, mchombo usanagwe. Amuna anga anabwera kuseri kwa khoma n'kumalankhula pang'onopang'ono.

"Ali bwanji?"

"Ndi wamkazi. Ali ndi cheya."

Ndinali nditakonzeka kuwatukwana akangoyamba za madokotala.

"Akuyamwa?" anafunsa.

"Akuyesa."

"Muyesetse naye, mayi. Ine ndikukaitana abusa adzamubatize."

Anapita, koma anabwerera pamtsinje, madzi atakana. Anapempha atsibweni kuti angobwera pakhomo adzapemphere. Atsibweni anati tiyambe taona mchombo utagwa. Panja ndinkamva mapazi a anthu odutsa mwadala pafupi ndi nyumba, ndi manong'onong'o oti mboni yalankhula. Ndinkafinyira mkaka m'kamwa mwa mwanayo dontho limodzilimodzi, osalola kuti mzamba amunyamule ine ndili m'tulo. Sindikunena kuti akanamuchita kanthu. Ndikungonena kuti sindinkagona.

Anamwalira m'mawa wina dzuwa litangotuluka, mchombo usanagwe. Anangosiya kupuma ali pachifuwa panga.

Mwana wotere kwathu ankatchedwa nthayo. Sankawerengedwa kuti ndi munthu, ankati akadali madzi. Ankakamukwirira akazi okhaokha, m'kadzenje kosaya kudambo, popanda bokosi, popanda nyimbo. Mayi wake sankaloledwa kulira mokweza, ankati akalira mimba idzauma. Mzamba anabwera ndi kansanza koti amukulungemo.

"Mulungu wachita bwino," anatero. "Wabisa manyazi. Si munthu uyu, mwanawe. Bweretsa."

Chitseko chinatseguka. Amuna anga analowa m'chikuta, amayi n'kufuula akudziphimba kumaso. Iwo sanayang'ane aliyense. Anagwada pambali panga, ananyamula mwanayo n'kumuyang'ana kwa nthawi yoyamba. Anamusisita cheya cha pachipumi ndi chala chimodzi. Kenaka anavula malaya awo oyera, anamukulunga bwinobwino n'kutuluka naye.

Ndinakwawira pakhomo. Anthu anali atasonkhana pabwalo, atsibweni ali patsogolo.

"Aphunzitsi, mukupita nacho kuti chimenecho?"

"Kumanda a Akhristu, bambo."

"Sichinabatizidwe. Chilibe dzina. N'cha akazi chimenecho, chisiyeni."

"Bambo, mwakhala mukuuza anthu kuti ine ndimati munthu ndi nyama." Sanakweze mawu. "Za munthu woyamba sindikudziwa bwino, mwina ndikulakwa. Koma uyu ndikumudziwa. Anamuumba ndi Mulungu, ndipo ndi mwana wanga. Sindimutaya kudambo."

"Mukakumba dzenje limenelo, m'mudzi muno mulibenso nyumba."

Amuna anga anatola khasu limene linali pakhonde. Anthu anapatuka, osati mwaulemu koma moopa kukhudzana ndi mtolo uja. Anayenda okha, msana uli pamtunda, khasu paphewa, mwana kudzanja limodzi. Palibe anawatsatira.

Ndinagwira mphuthu ya chitseko n'kuimirira. Amayi anandigwira mkono.

"Khala pansi. Usapite, ndipo usalire. Ukufuna mimba iume?"

"Iume," ndinatero, ndipo ndinachotsa dzanja lawo.

Manda sanali kutali, koma ndinapuma kangapo panjira, miyendo ikukana, maso akuchita mdima. Nditafika anandipatsa mwana kuti ndimufungate, iwo n'kuyamba kukumba. Dothi linali lonyowa, lomata kukhasu. Anakumba mpaka m'mawondo, ndinaganiza kuti aleka. Anapitiriza mpaka m'chiuno, mpaka m'chifuwa, kuya kwa manda a munthu wamkulu. Pozungulira panali zii, kupatula achule a kudambo.

Atamaliza anandifunsa dzina. Ndinawauza la agogo anga aakazi amene anafera panjira pochokera kutsidya. Anaika dzanja pamutu pa mwanayo, anatchula dzinalo mokweza, ndipo anamupereka kwa Mulungu. Anayamba nyimbo ya maliro, koma mzere woyamba usanathe mawu anawathera. Anatsikira m'dzenje, anamugoneka pansi, n'kukhala momwemo atagwira kumaso.

Pamenepo ndinalira. Sindinalire chamumtima monga anandiuzira. Ndinalira maliro enieni, okuwa, oti amveke mpaka kudooko, ndikuitana mwana wanga ndi dzina lake kuti aliyense amene anatseka chitseko adziwe kuti m'mudzi mwafa munthu. Ndinalira ndekha nthawi yaitali, mpaka kukhosi kunauma.

Nditaima kuti ndipume, ndinamva mawu ena akulira chakumudzi, okalamba, osasa, akutchula dzina lomwelo. Anali amayi anga, akubwera ndi njira ya kumanda, manja ali kumutu.