Phazi la Stelia pa Mzere wa Phulusa

A Laimoni anabadwira ku Matope, kumene dzuwa limawotcha ngakhale mu Juni, koma anadzakwatira kumapiri kuno, m'mudzi wina kufupi ndi Matandani. Anamanga nyumba pa malo a akazi awo, a Dailesi, monga mwambo ulili, ndipo ana awo anayi anabadwira pomwepo. Zaka makumi atatu zitapita, anthu anaiwala kuti bamboyu ndi mkamwini. Iwonso eni ake anaiwala.

Ntchito ankagwira ku Blantyre, pa sukulu ina ya ana a anthu opeza bwino, kumene ankasesa mabwalo ndi kuthirira maluwa. Bwalo limodzi linali la simenti, la mpira wotchedwa basiketibolo. Poyamba ankangosesa n'kuchoka. Kenaka anayamba kutsalira, tsache lili m'manja, kuonerera ana akunjanjitsa mpira pansi uku akuthamanga. Mphunzitsi wa masewera ataona kuti bamboyu sachoka, anawapatsa choko kuti azilemba zigoli pa bolodi, ndipo patapita zaka anawatumiza kukaphunzira zoyimbira mpirawo. Atapuma ntchito anabwerera kumudzi ndi wezulo, kabuku ka malamulo kothaitha, ndi mipira iwiri yakale.

Kuseri kwa sukulu ya m'deralo anasalaza malo ndi khasu, anazika mitengo iwiri ya bulugamu, nakhomapo matabwa ndi mikombero yachitsulo. Laimu analibe, choncho mizere ya bwalo ankalemba ndi phulusa limene a Dailesi ankawasungira m'chidebe. Atsikana asanu ndi atatu anayamba kubwera akaweruka. A Laimoni ankati sanathe kuphunzitsa ana awo mpaka patali, koma mpira uwu unatengera ana ena ku masukulu aakulu iwo akuona, ndiye mwina Mulungu angatsegulire khomo mmodzi wa atsikanawa. Timuyo ndiyo inali munda wawo weniweni.

Atsikana anagwira malamulo msanga. Ovuta anali oonerera. Kuno mayi aliyense anasewerapo ntchembere mbaye ali mtsikana, ndipo bambo aliyense amadziyesa katswiri wa mpira wa miyendo, choncho aliyense ankabwera ku bwalo ndi malamulo akeake. Mtsikana akamathamanga akunjanjitsa mpira, amayi ankakuwa kuti wapanga sitepi. Mpira ukalowa kamodzi mu mkombero, pa bolodi n'kulembedwa zigoli ziwiri, abambo ankafunsana ngati a Refa anafikako Sitandade 2.

A Laimoni anali ndi njira yawo. Mpira uli m'kati sankayankha munthu. Ankaliza wezulo, kusonyeza ndi manja chimene chalakwika, n'kupitiriza. Pa nthawi yopuma ankapita kwa amene wakuwa koposa onse, kumupatsa moni ndi manja awiri, n'kumupempha kuti atenge mpirawo ayeseko kuyenda nawo akunjanjitsa. Mpira ukamuthawa anthu ankaseka, iyenso n'kuseka, mkwiyo n'kuthera pomwepo. Masewera asanayambe, likatha pemphero, ankafotokozera anthu malamulo atatu okha, poti ankati munthu wobwera kudzasangalala sasunga zinthu zoposa zitatu. Lamulo la mzere silinakhalepo pa atatuwo. Kwa iwo linali lodziwikiratu.

Wokuwa koposa onse nthawi zambiri ankakhala mai Mailesi, amene pa utsikana wawo ankaponya zigoli za ntchembere mbaye mpaka kutchuka midzi yonse yozungulira. Ndiwo ankayambitsanso nyimbo ku gulu la amayi la mpingo womwe a Laimoni ankapemphera. Mwana wawo Stelia, wamtali ngati mayi ake, ndiye anali mzati wa timuyo.

Loweruka lina mu Julaye, kunja kuli chiperoni, kunabwera timu ya atsikana a ku Matope pa lole, ndi mphunzitsi wawo a Latif. Woyimbira wa setifiketi analipo mmodzi yekha m'dera lonselo, ndipo a Latif anavomera kuti a Laimoni ayimbire ngakhale timu inayo inali yawo. Anagwirizana kuti pakatha masabata atatu, a kuno adzatsikire ku Matope kukabwezera.

Nthawi itatsala pang'ono kutha, alendo ankatsogola ndi chigoli chimodzi. Stelia anawakha mpira m'mphepete mwa bwalo, ndipo potembenuka phazi lake lamanja linatera pa mzere. A Laimoni anali pomwepo, analiona, naliza wezulo. Koma nthungululu zinali zitayamba kale, ndipo palibe amene anamva. Stelia ananjanjitsa mpira kawiri, naponya, mpira n'kulowa. Amayi anathamangira m'bwalo akuvina, zitenje zili m'mwamba.

A Laimoni anaima pa mzere paja akugwedeza manja kusonyeza kuti chigolicho palibe. Anthu atazindikira, nyimbo inaduka, ndipo mai Mailesi anafika patsogolo pawo akupuma mwamphamvu.

"A Refa, kodi mwatani?"

"Mwanayu anaponda mzere, mayi. Phazi lake ndi ili."

Linalipodi. Stelia ankasewera wopanda nsapato, ndipo zala zake zinadindika bwinobwino m'phulusa. A Laimoni ankaganiza kuti umboniwo uthetsa nkhani. Mai Mailesi anangoliyang'ana kamodzi.

"Eya, waponda. Akukana ndani? Mzere ndi m'kati. Ine ndasewera mpira inu mukusesa ku Blantyre. Mzere ndi m'kati kuyambira kalekale."

Abambo anavomereza, nati ngakhale ku mpira wa miyendo, mpira ukakhala pa mzere sunatuluke. A Laimoni anayankha mofatsa kuti ku mipira iwiriyo n'zoona, koma ku mpira uno wopondapo pa mzere watuluka. A Latif anati athandizepo, koma mawu a mlendo wopambana ndani akanawamva? Pamenepo munthu wina kumbuyo, amene mpaka lero sadziwika, anaponya mawu.

"Mwaiwala kodi? Kwawo ndi ku Matope ameneyu. Mkamwini wakumbuka kwawo."

Mawuwo anayenda m'khamumo ngati moto wa lupsa. A Laimoni anayang'ana Stelia. Mwanayo lamulolo ankalidziwa, poti anamuphunzitsa okha, ndipo akanangonena mawu awiri nkhani ikanazizira. Koma anali atazolika, akukumba dothi ndi chala. A Laimoni anaona kuti kumufunsa kunali kumuimika motsutsana ndi mayi ake pamaso pa mudzi wonse. Anangouza atsikana kuti abwerere m'bwalo. Mphindi yotsalayo inatha popanda chigoli, ndipo alendo anakwera lole yawo mwachangu, osadya n'komwe mbatata imene anawaphikira.

Lolemba ku bwalo kunabwera atsikana awiri, Rejoice ndi Zuhura, mwana wa mwini golosale. Ena onse makolo anawaletsa. Timu siilowa m'bwalo osakwana asanu, ndipo a Laimoni ankadziwa kuti akalephera kutsikira ku Matope, palibe timu ina imene idzavutikenso kukwera mapiri ano. Anayenda khomo ndi khomo, kabuku kaja kali m'thumba, mpaka atsikana ena awiri analoledwa. Anakwana anayi. Makomo enawo ankangoti timva kwa mai Mailesi.

Anapita kumeneko ndi a Dailesi. Anapeza mai Mailesi akupeta nandolo, ndipo mayiwo anawayalira mphasa mwaulemu wonse. A Laimoni anatulutsa kabuku, koma mayiwo anati buku la Chingerezi lingathe kunena chilichonse chimene mwini wake akufuna. Anati iwo sakufuna zambiri: a Laimoni adzaime ku tchalitchi, mapemphero akatha, anene kuti analakwitsa ndipo chigoli cha Stelia chinali chabwino. Akatero, mwana adzabwerera tsiku lomwelo. Stelia anali m'khitchini, ndipo mbale zimene ankatsuka zinasiya kulira.

M'njira a Dailesi anawadandaulira amuna awo. Anati masewera anatha kale, a ku Matope anapita ndi chipambano chawo, ndiye mawu ochepawo angaphe yani? Anatinso iwo ndi amene akumva kuwawa ku chitsime, kumene akafika nkhani zimaduka. Sabata yonse a Laimoni ankalima dimba lawo la kachewere ngati munthu wosaona mizere. Ankafunitsitsa atsikanawo apite ku Matope. Koma ankadzifunsa kuti akanama m'nyumba ya Mulungu, Stelia akumva, adzalizanso bwanji wezulo pamaso pa mwanayo?

Lamulungu litafika anaimadi m'tchalitchi, chipewa chili m'manja.

"Abale, ndinalakwa. Ndinakuitanani ku mpira wachilendo, koma lamulo la mzere sindinakuuzeni. Kulakwa kumeneko ndi kwanga, ndipo mundikhululukire. Koma mwana anaponda mzere, ndipo chigolicho panalibe. Ndikanena zina, ndanama."

Mai Mailesi anamanga chitenje chawo, natuluka, ndipo amayi angapo anawatsata.

Loweruka la ulendo atsikana anayi anafika m'mamawa atavala yunifolomu, ndi manachesi odya m'njira. A Laimoni anati adikire pang'ono. Anadikira mpaka nkhungu inachoka m'mapiri, maso ali ku kanjira kochokera kwa mai Mailesi. Mmenemo munadutsa mbuzi zokha. Dzuwa litafika pamutu a Laimoni anaimbira foni a Latif kuti asawayembekezere. Zuhura analira. A Laimoni anagawa anayiwo awiriawiri, nawauza kuti asewere, poti bwalo anali atalithira kale phulusa.

Chaka chimenecho sikunabwerenso timu. Chaka chotsatira anayambanso ndi atsikana ena aang'ono, ndipo a ku Magaleta anavomera kubwera. Tsopano likatha pemphero, a Laimoni amayenda m'mbali mwa bwalo lonse anthu akuona, amavula nsapato, amadinda phazi lawo m'phulusa, n'kunena kuti apa ndi kunja. Kenaka amathirapo phulusa lina. Ana amaseka, koma iwo saseka.

Pa masewera a ku Magaleta aja mai Mailesi analipo, poti mpira sauphonya. Mtsikana wa alendo ataponda mzere, a Laimoni asanakweze n'komwe wezulo, mawu odziwika aja anamveka bwalo lonse.

"Watuluka ameneyo. Mzere ndi kunja, a Refa, simukuona?"

A Laimoni analiza wezulo osatembenuka. Za chaka chatha mayiwo sanazitchulepo, ndipo ku tchalitchi amangopatsana moni wa pakamwa.

Stelia sanabwerere ku timu. Anaima patali tsiku limenelo, pansi pa mtengo wa mango, beseni la chimanga chopita ku chigayo lili pamutu. Mpira ukamapita ku mkombero, dzanja lake lamanja linkadzuka lokha, kenaka n'kubwerera kukagwira beseni. A Laimoni anamuona. Masewera atatha anatenga mpira umodzi kuti akamupatse, koma pofika pa mtengopo mwanayo anali atatsika kale njira ya ku chigayo.