Kompyuta imene inandilanda Loweruka

Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma kuwerenga sindinaleke. Ndinkawerenga nyuzipepala zokulungira tchipisi, moti nkhani zambiri ndinkangodziwa poyambira, mathero ake atapita ndi mafuta. Ndiye maso a amalume atayamba kuchita chifunga, ine ndi amene ndinasanduka maso awo. Loweruka lililonse ndinkachoka ku Bangwe wa ku Zingwangwa, nyuzi kukhwapa, kukawawerengera pakhonde. Amalumewo anali a ku Nsanje, opuma ntchito ya kunjanji, ndipo akali ndi mphamvu ankawerenga mawu kutchalitchi. Munthu wotero kumatchera khutu kwa ine! Ndinkadzimva ngati wa pawailesi. Tiyi wanga ankabwera wamkaka, ndipo mlendo akafika ankauzidwa kuti ayambe wakhala chete, mphwanga akuwerenga.

Anasokoneza zonsezi ndi msuweni wanga, mwana wawo wamkazi, amene ankataipa pakafe ya intaneti ku Limbe. Tsiku lina ndinapeza pabalaza pali kompyuta ya sikirini yaikulu yopyapyala. Anati akufuna kuikonza kuti bambo ake azitha kuwerenga okha, nkhani aziwabweretsera pafulashi. Ndinayamikira ndi pakamwa pokha.

Chondipweteka n'chakuti ntchitoyo sakanaitha popanda ine.

"Asuweni, inu a digiri ya pamapepala a tchipisi," anatero, "maso a ababa mumawadziwa kuposa adokotala. Diso limene likuonako ndi liti?"

Ndinamuuza kuti lamanzere, lomwelonso cham'mbali. Ndinamuuzanso kuti pepala loyera limawatulutsa misozi, ndipo akafika kumapeto kwa mzere, wotsatira umawasowa. Ndikanatha kungoti sindikudziwa, koma ine munthu akanditcha katswiri pakamwa sipatsekeka. Chilichonse chimene ndinkanena, iye ankachisandutsa chida chondichotsera ntchito. Sikirini anaidetsa bii, zilembo n'kuzipanga zachikasu, zazikulu ngati za pachikwangwani cha minibasi. Mizere anaitalikitsa. Kamuvi ka mausi anakakulitsa mpaka kanafanana ndi khasu. Pa mabatani awiri, lokulitsira ndi lotsitsira nkhani, anamatapo batani la malaya ndi nyemba kuti amalume aziwapeza ndi chala. Za nyembazo ndinachita nazo nsanje mwapadera, chifukwa nzeru imeneyo inkayenera kukhala yanga.

Chiyembekezo chinabwera ndi aanti, akazi awo a amalume. Kwathu kuno chinthu chabwino chimayang'ana kukhomo, pafupi ndi kabati ya magalasi, chitafundidwa kansalu koluka, kuti wolowa aliyense adziwe kuti m'nyumba muno muli anthu. Aanti anafuna kompyuta ikhale pomwepo. Dzuwa likalowa pakhomopo sikirini inkangowala ngati beseni, osaoneka kanthu. Ine ndinaikira kumbuyo aanti ndi mtima wonse, mpaka ndinalankhula za ulemu wa banja. Amalume anatimvetsera, kenako anauza msuweni kuti akokere tebulo kukona yamdima, kuseri kwa chitseko, alendo akafuna kuiona azipita komweko.

Munali mawunso m'kompyutamo, a mzungu wolankhulira m'mphuno. Msuweni atawayatsa, amalume anagwedeza mutu.

"Zimitsa, mwanawe. Zowerengeredwa ndatopa nazo. Ndikufuna ndizione ndekha."

Sananene dzina la munthu. Koma pabalazapo wowerengera anthu ndinalipo ndekha, ndipo tiyi uja ndinamumeza ngati kwinini.

Kuyambira pamenepo ndinkapitabe Loweruka, koma ngati womvera. Amalume ankakhala chammbali, mphuno pafupi ndi galasi, mawu atatu atadzaza sikirini yonse, n'kumawerenga mokweza ndi mawu awo akale a kutchalitchi. Nkhani imene ine ndikanaimaliza madzi asanawire, iwo ankafika nayo kumasana. Ndikati ndiwathandize liwu, ankakweza chala. Mlendo akafika ankauzidwabe kuti akhale chete, ndipo ine ndinkawerengedwa pamodzi ndi alendo.

Zaka zimenezo magetsi ankazimazima. Anthu onse ku Bangwe ankatukwana, ine ndekha ndinkamwetulira. Loweruka lina ndili pa siteji ndinamva kuti Zingwangwa yonse kulibe magetsi chiyambire m'mawa. Ndinagula nyuzi yatsopano, yosakulungirapo kanthu, n'kukwera mtunda wa kwa amalume ngati mnyamata. Ndinawapeza amalume atakhala kukona kwawo, manja pamaondo, akuyang'ana sikirini yozima. Ndinapereka moni, n'kutambasula nyuziyo mwaphokoso kuti aimve.

"Pinda, mphwanga," anatero. "Dzulo ndinalekeza pakati nkhani ya madzi osefukira kumudzi. Usandiuze mathero."

Ndinawauza kuti magetsiwa mwina abwera madzulo, mwinanso mawa.

"Abwera. Khala pansi tidikire."

Ndinakhala, nyuzi pamiyendo, nkhaniyo ili patsamba loyamba penipeni. Tinadikira.