Lichero la mawaya

Licherolo ndinamupatsa ndine, ndi manja angawa. Mdzukulu wanga wamkazi, amene amaphunzira zamagetsi ku Lilongwe, anafika kuno ku Mitundu ndi jumbo ya mawaya, mabatire ndi tinthu tonga nyemba tamiyendo iwiri. Thabwa lomangirapo analibe. Ndiye ndinati, "Tenga lichero ili, mawayawo uzipisa m'mipata ya nsungwi."

Masabata atatu ali chiweramire, kuwotcherera. Ndinamufunsa ngati chipangizocho chidzayimba ngati wailesi.

"Ayi agogo, chimachita masamu. Posakaniza chakudya cha nkhuku simudziwa kuti madeya achuluke bwanji, soya achuluke bwanji. Mafunso awiri omangana. Ndikapotokola apa ndi apa, magetsi amagawikana okha m'mawayamu mpaka akhazikike. Singano iyi inena za madeya, iyi za soya."

Lolemba ankayenera kukachionetsa kwa aphunzitsi ake. Popanda icho, chaka chonse chikanalowa m'madzi.

Loweruka masana anachiika pakhonde kuti achiyese. Kuseri kwa nyumba yathu kunali maliro a khanda. Mayi wina wopita kusiwa anaona singano zikugwedera zokha m'lichero, n'kukuwa, "Ndege! Ndege ya afiti ili pakhonde!"

Kwathu kuno ndi mwana yemwe amadziwa zimene anthu amanena, zoti mfiti imauluka pa lichero. Ine ndi imvi zangazi ndinaiwala bwanji?

Anabwera amuna okumba manda, makasu ali m'manja, bambo wa khandalo ali patsogolo.

"Gogo iwe, mwana wanga unamukweza m'menemu?"

"Bambo, izi n'zakusukulu…"

Mbama phaa! Ndinagwa chafufumimba, n'kufungatira lichero. Mpini unatera pamsana, wina pamkono, fupa n'kuti thyoo. Mano awiri ndinalavulira m'fumbi. Wina ankafuula kuti abweretse petulo. Mdzukulu wanga akuti, "Taonani, ndi batire chabe!" anamukoka tsitsi n'kumukankhira kukhoma.

Mdzukuluyo anadzuka, n'kusolola lichero kunsi kwa mimba yanga. Ine ndimati athawa nalo. Ayi ndithu. Analiika pansi pamaso pawo, n'kutola munsi. Go! Go! Singano uko, mabatire uko. Anasinja osalira, mpaka mipini inatsika, anthu n'kuyamba kubwerera kusiwa mmodzimmodzi.

Lolemba anali nane kuchipatala, akundimwetsa phala. Chakacho anabwereza. Chipangizo chachiwiri anakachimangira pathabwa ku Lilongwe komweko, sindinachione. Mkonowu unapola mokhota, moti kupeta ndinaleka.