Belu la Ng'ombe pa Mpikisano Womaliza wa Theres

Ine ndine Romed, woweta ng'ombe za mkaka m'chigwa chathu chino cha ku Tirol, ndipo ndiyambe ndi kuulula chimene mudzi wonse umadziwa koma umangondisungira ulemu: sinditha kutsetsereka pa ski, matabwa otsetserekera pa chipale chofewa m'mapiri. Kuno mwana amamumangirira matabwawo kumapazi asanasiye kukodza pogona. Ine ndinalimbana nawo mpaka zaka zisanu ndi zinayi, tsiku limene ndinakawomba khola la aneba anzanga onse akuona. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikunamizira bondo. Patha zaka makumi asanu, ndipo nthawi zina ndimaiwala kuti ndi bondo liti, n'kutsimphinira mwendo wina.

Mkazi wanga Notburga ndiye anali katswiri pa utsikana wake, ndipo mwana wathu Theres anatengera iyeyo. Make mbuu, mwana mbuu. Kwa ine anangotengerako mphuno. Analowa m'timu ya dziko ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, n'kuyamba kuzungulira mayiko m'mipikisano ikuluikulu yotsika mapiri. Sanapambanepo. Tsiku limene zinamuyendera kwambiri anakhala wa nambala 14, ndipo ine ndinavutitsa nayo mudzi nkhaniyo mpaka chipale chofewa chinasungunuka.

Ntchito yanga inali belu. Wopikisana aliyense amakhala ndi anthu akwawo oima kuseri kwa ukonde wotchinga m'mbali mwa njira, atanyamula mabelu a ng'ombe. Langa linali la ng'ombe yotsogola, lija timaiveka potsika ku msipu wa m'phiri, lolemera ngati mwana wa chaka chimodzi. Nyengo yozizira ikafika ndinkasiyira Notburga khola, n'kukwera basi nalo: Italy, Switzerland, Slovenia. Ndinkadzipanikiza m'khamu pamalo potsetsereka kwambiri, ndipo Theres akangotulukira ndinkaligwedeza mpaka phewa kuchita dzanzi.

"Unalimva?" ndinkamufunsa akamaliza.

"Ndinalimva, Ababa. Angalephere kulimva ndani?"

Ndinkabwerera kwathu ndikudziguguda pamtima kuti theka la liwiro la mwanayo ndi langa.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mliri wa kolona unadula mipikisano ya chaka chimenecho isanathe, ndipo ya chaka chotsatira inachitika popanda oonerera. Pakati pa zimenezi Theres anaimba foni. Anati bondo lake, lenileni osati ngati langa, latopa, ndipo mpikisano wa mu Januwale pa phiri lathu lomweli ndiwo womaliza.

"Mudzaonere pa kanema ndi Amayi," anatero.

"Belu lilire pabalaza? Ng'ombe zidzandiseka."

Ndinali ndisanaphonyepo kumuimbira belu kwa zaka khumi ndi ziwiri, ndiye ndiphonye lomaliza, pa phiri loonekera pawindo langa? Ololedwa kulowa anali okonza njira okha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho ndinapita kwa Kassian, mkulu wa okonza njirawo. Tinaphunzira limodzi, ndipo tsiku la khola lija analipo.

"Aise, iwe pa njira yanga?" anatero. "Kumtunda kuja kulibe khola loti likuimitse."

"Ndipatse fosholo basi. Ndikwera wapansi."

"Nanga bondo?"

"Lachira."

"Liti, lamanja kapena lamanzere?" Anaseka mpaka kutsokomola, koma dzina analemba. "Koma belu ayi, wamva? Aboma akangoona chooneka ngati woonerera, atitsekera mpikisano wonse."

Dzulo lake la mpikisano anatiyeza kolona tonse. Namwino analowetsa kathonje m'mphuno yangayi mpaka misozi mbwe, koma anandipeza ndilibe matenda.

Tikamanyamula belu osafuna kuti lilire, timalitseka ndi udzu wouma. Ine ndinaona kuti udzu uziyoyoka n'kundiulula pachipata. Ndinadziona wanzeru. Ndinatenga sokosi ya ubweya imene Notburga anayanika pafupi ndi mbaula, ndinaikanikiza m'kati mwa belu, n'kubisa belulo m'chikwama pansi pa buledi ndi soseji.

"Bambo a Theres, sokosiyo sinaume," anatero Notburga.

"Ikaumira komweko," ndinayankha.

Anzanga anakwezedwa phiri pa mipando yoyenda pa zingwe n'kutsetserekera pamalo awo akuimba likhweru. Ine ndinakwera wapansi ola lathunthu, zitsulo za mano zili kunsapato, chifukwa njira ya mpikisano amaithira madzi kuti iume gwa ngati galasi. Kassian anandiika pamalo anga akale omwe aja, potsetsereka kwambiri, koma ulendo uno kunalibe wondipondapo phazi. Kunazizira moti ndevu zinauma. Phiri lonse linali zii. Opikisana ankadutsa, iwe n'kumva matabwa akukala madzi oundanawo, ngakhale kupuma kwawo kumene. Zinandimvetsa chisoni, ana a eni kudzipereka chonchi popanda wokuwa n'mmodzi yemwe.

Chimkuzamawu chitatchula dzina la Theres, ndinaponya fosholo, ndinasolola belu, n'kukoka sokosi ija. Sinasunthe. Inali itaumadi monga ndinanenera, koma kuuma kwa mwala, itagwirana ndi chitsulo. Ndinavula magolovesi. Ndinakanda ndi zikhadabo. Ndinailuma ndi mano, munthu wamkulu wa imvi. Ndipo uyo, Theres anatulukira pamwamba pa chitunda.

Ndinaligwedeza momwemo ndi manja onse awiri. Belu la ng'ombe yotsogola linangoti phu, phu. Mwanayo anadutsa, zitsulo za kunsapato kwanga zinaphonya, ndipo ndinatsetsereka chokhala mpaka ukonde unandigwira. Kassian akuti umenewo ndiye mtunda wautali kwambiri umene ndatsikapo pa phiri lathu.

Theres anakhala wa nambala 23. Ndinakamupeza pamalo oimika magalimoto, iye kuseri kwa mpanda wa opikisana, ine kuno, chifukwa sankaloledwa kuyandikana ndi aliyense. Ndinakweza belu kuti aone sokosi ikulendewera.

"Mwana wanga, ndakulakwira. Tsiku lomaliza lenileni!"

Anayang'ana sokosiyo n'kuseka mpaka kugwira mpanda.

"Ababa, ndikuuzeni zoona? Belu lanulo sindinalimvepo."

"Lero, inde."

"Ayi, chiyambire. Chipewa chimatseka makutu, mphepo ili kuu, ndiye mabelu zikwi akulira pamodzi. Munthu umangomva mtima wako basi."

"Zaka khumi ndi ziwiri? Phewa langali?"

"Nanga ndikanati chiyani, inu mutabwera nalo pa basi kuchokera kutali konseko?"

Theka la liwiro lija linandithawa pomwepo.

"Koma lero ndakuonani," anatero, mawu atatsika. "Koyamba. Kale ndinkangodziwa kuti muli penapake m'khamumo. Lero phiri lonse mbee, ndiye apo munthu mmodzi yekha akumenyana ndi belu, ubweya uli kukamwa. Ndinati, awo ndi Ababa anga. Ndinatsika nanu mpaka pansi."

Sindikanatha kumukumbatira, mpanda unali pakati pathu. Ndinangokumbatira belu lomwelo. Kassian, amene ankadutsa ndi mafosholo paphewa, anaima n'kundiyang'ana kumaso.

"Aise, ukulira?"

"Ndi kathonje kadzulo kaja," ndinatero. "Namwino uja analowetsa kwambiri."