Kwaya ya Amayi Vaileti Inatsukidwa M'mutu ndi Dirinki

Felesita Masiye anabwera ku Lilongwe kuchokera ku Ntcheu ali mtsikana, chuma chake chili chipeso chimodzi ndi pakamwa posatopa. Anayamba kuluka anthu pakhonde la azakhali ake ku Biwi. Kenako anapeza kachipinda pakati pa owotcherera zitsulo ndi ogulitsa matayala akale, n'kukatcha saluni. Amuna ake, Abambo Kings, anali kondakitala wa minibasi mpaka mawu anawathera. Masiku ano amakhala pabenchi panja pa saluniyo, kupereka maganizo amene palibe wawafunsa.

Felesita sapitidwa ndi fashoni. Chimene waona pafoni lero, mawa chili pamutu pa munthu. Wapakapo anthu mapeyala, mazira, madzi otsukira mpunga, ngakhale anyezi, moti mayi wina anagonetsedwa pabalaza ndi mwamuna wake ati akununkha ndiwo.

Tsiku lina anaona kanema wa mtsikana wakunja akudzitsanulira m'mutu dirinki yotsekemera yakuda ija, yathovu.

"Abambo, taonani izi," anatero Felesita. "Akuti tsitsi limafufuma ngati mandasi."

"Anthu kukhosi kuli gwa, inu mukufuna kumwetsa tsitsi?" anafunsa Abambo Kings.

"Inu muli ndi dazi. Za tsitsi asiyireni eni ake."

Anayamba ndi mutu wake. Anatsanulira, thovu n'kuchita tswii, anadikira pang'ono, n'kutsuka ndi madzi ambiri. Kaya tsitsi linafufumadi kaya ayi, iye anazungulira msika wonse akupukusa mutu mpaka amayi anayamba kufunsa. Posakhalitsa pasaluni panadzaza. Ena ankabwera ndi botolo lawo, n'kuyamba apsontha kaye, ati kuona ngati ndi yeniyeni.

Zinadzavuta Loweruka lina mu Seputembala. Amayi Vaileti, mtsogoleri wa kwaya ya amayi ya kutchalitchi kwa Felesita, anafika m'mawa ndi gulu lawo lonse. Ankapita kukaimba pa ukwati ku Tsabango, ndipo ankafuna akazi akumeneko adziwe kuti kwabwera a m'tauni. Felesita anawandandalika pabenchi n'kuwatsanulira mmodzimmodzi. Atapita pampopi kuti atunge madzi otsukira, mpopi unangotsokomola kawiri n'kukhala chete. Mgolo unali pululu. Panja dalaivala wa lole yowatengera ku ukwatiko anali akuliza hutala.

"Ndiye titani, Mayi Masiye?" anafunsa Amayi Vaileti, dirinki ikuyenderera kuseri kwa khutu.

"Amayi, ikakhalitsa m'pamene imagwira bwino," anayankha Felesita, maso ali gwa. Anawapukuta ndi thaulo, kuwapesa, n'kukwera nawo lole kuti akaone ntchito ya manja ake.

Ukwati unali panja, pansi pa mitengo ya mango imene inali itachita maluwa. Wolalikira anali Mbusa Enerst, munthu wodziwika kuti akayamba ku Genesesi salekeza mpaka mpunga utazizira. Kwaya inakhala kutsogolo, mitu ili waliwali padzuwa. Ntchentche ndizo zinayamba kufika, amayi n'kumaziingitsa mwaulemu ndi timipango. Kenako kunabwera njuchi.

Amayi Vaileti anadzimenya mbama, n'kudzuka akukuwa. Mnzawo wa pambali anaponya manja m'mwamba. Mosakhalitsa kwaya yonse inali kudumpha, kuzungulira, ena kudzigwetsa pansi. Abusa ataona zimenezi, nkhope inawala.

"Watsika! Mzimu watsika!" anakuwa pa maikolofoni. "Musawagwire! Asiyeni alandire!"

Woimba kiyibodi anawonjezera moto. Agogo ena akuchimuna anayamba kulira ndi chimwemwe. Zinatha pamene njuchi imodzi inalowa m'kolala ya abusa. Anaponya maikolofoni, n'kudalitsa akwati akuthamanga, ameni anakamunenera m'galimoto atatseka magalasi. Felesita anali atabisala kale pansi pa tebulo la keke, atafunda nsalu ya patebulopo.

Lolemba Amayi Vaileti anatulukira pasaluni diso limodzi litatsekeka, mlomo ngati wa bakha. Abambo Kings anasuntha benchi kuti amve bwino.

"Mayi Masiye, mwatichititsa manyazi pamaso pa Mulungu ndi anthu a ku Tsabango."

"Pepani, Amayi. Koma ine sindiweta njuchi."

Akanakokana zovala pakanapanda kufika mayi a mkwatibwi, atanyamula nkhuku yamoyo. Anagwira Felesita dzanja n'kunena kuti chibadwire sanaonepo ukwati wa Mbusa Enerst umene anthu anadya chakudya chikadali chotentha. Amayi Vaileti anayesa kukwiyabe, koma kuseka kunawapulumuka, ndipo mlomo wotupawo unawapweteka kwambiri.

Felesita anasiya za dirinki, ngakhale mpaka lero savomera kuti analakwa. Amati wolakwa ndi mpopi. Amayi Vaileti ananyanyala kwa kanthawi, kukalukitsa ku Kawale, koma kumeneko anawakoka tsitsi mpaka nsidze zinakwera, ndiye anabwerera. Amakhala pampando womwewo, ndipo chilichonse chimene Felesita wanyamula m'botolo amayamba achinunkhiza asanaweramitse mutu.